Nkhope ya Kumanzere

Chikwangwanicho anachiimika Lolemba pa 28 Okutobala 2024, m'mphepete mwa msewu waukulu wa kummawa, pamene maminibasi a ku Chongwe amatsitsira anthu a ku Silverest. Chinali cha pulasitiki yolimba, chachitali kuposa denga la golosale, chomangirira pa mapaipi awiri achitsulo. Dyness Njobvu anali pa thebulo lake la tomato ndi repu kutsidya la msewu pamene ankachikoka ndi zingwe. Ankadziwa kuti nkhope yake ili pamenepo. Anavomera yekha.

Mpingo wa Khomo la Golide unkadziwika ndi zikwangwani kuposa maulaliki. Unayambira m'tenti mu 2020, pa puloti yopanda nyumba, ndipo m'busa wake, a Bwezani, amene nkhosa zawo zinkawatchula kuti Papa, ankanena poyera kuti munthu wa pa minibasi sawerenga vesi, amawerenga zimene maso ake anazolowera. Ntchito yokola masowo inali ya Terrence, mwamuna amene asanatembenuke mtima ankapanga mapositala a mabala ndi a oimba ku Lusaka. Mashopu obetchera atachuluka ku Chongwe, Terrence anabwereka mitundu yawo yowala nalemba kuti BETCHA PA YESU, SULUZA. Nyengo ya mpira anajambula Satana akumuonetsa khadi lofiira. Chilala cha chaka chimenecho chitathimitsa magetsi, chikwangwani chinati KUNO MALAITI SAYENDA, ngakhale kuti kuseri kwa tenti kunkalira jenereta. Anthu ankaseka, kujambula pa foni, kutumizirana. Ena ankabwera Lamlungu.

Chatsopanochi Terrence anatengera kwa ogulitsa mafuta oyeretsa khungu ndi tiyi wochepetsa thupi. Zithunzi ziwiri, mzere pakati. Kumanzere kunali Dyness wa mu 2021, atakhala m'ngalande kunja kwa bala ina ku Chongwe, wigi itapendekeka, magazi pachibwano, nsapato imodzi kuphazi. Pamwamba pake analemba kuti KALE. Kumanja kunali mkazi wovala zoyera, wa khungu losalala ndi mano onse, atakumbatira Baibulo. Pamwamba pake analemba kuti MANJE. Mkazi ameneyo sanali Dyness. Anali Trinity, mwana wa mlongo wawo wa abusa, woimba m'kwaya, amene palibe anamuonapo atagwira botolo.

Dyness anasiya kasitomala atanyamula tomato m'manja, nawoloka msewu osayang'ana galimoto. Mumtima mwake simunali nkhope yake. Munali Angela.

Mwamuna wake, Stephen, anafa mu Juni 2019, lole ya mchenga imene ankagwirapo ntchito itagubuduzika. Anasiya mwana mmodzi, Angela, wa zaka zinayi. Dyness anayamba ndi kabotolo kamodzi koti tulo tibwere, ndipo pofika 2021 ankagona pamene wagwera. Mano awiri akutsogolo anawasiya m'ngalande ija. Chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka chinafika kumudzi wa pafupi ndi mishoni yakale, kwa amake a Stephen, a Cecilia, mayi wa Chikatolika wa m'gulu la Anna Woyera. A Cecilia anakwera minibasi, anapeza mwana akudya mango aawisi pakhomo pa eni ake, namunyamula. Palibe amene anatsutsa, ngakhale Dyness yemwe.

Mowa anausiya mu Malichi 2023, m'tenti ya Khomo la Golide. Amayi a mpingo anamugwira mapewa pamene thupi linkanjenjemera, anamusambitsa, anamupezera ntchito yosunga nyumba yosatha ya munthu wina wa ku Lusaka, namudziwitsa kwa mlimi wa ku Kanakantapa amene ankamubweretsera ndiwo zogulitsa. Zonsezi zinali zoona, ndipo Dyness sankaziiwala. Tsiku la ubatizo anaonetsa yekha chithunzi cha m'ngalande kwa abusa, kuti aone kumene Mulungu anamutola.

Mu Ogasiti 2024 anapita kwa apongozi ake ndi nkhuku ndi shuga. Anakhala pamphasa. Amene anayankhula anali a Evaristo, mkulu wake wa malemu, ndipo mawu ake anali ochepa: sukulu zikatsekera mu Disembala, Angela akakhale ndi amake, bola pasamveke chamanyazi china. Pomuperekeza, a Cecilia anamupatsa chitenje chabuluu cha nkhunda zoyera, namuitana kuti amake Angela. Dzina limenelo anali asanalimve pakamwa pawo kuchokera pa maliro. Atabwerera ku Silverest anagula matiresi aang'ono, anamata ming'alu ya chipinda, napachika katani pa zenera lopanda galasi.

Choncho pamene Terrence anamupempha kumayambiriro kwa Okutobala kuti akhale pa chikwangwani, Dyness anaganiza kuti apongozi akadzaona nkhope ziwirizo adzaona okha mtunda umene wayenda. Anavala bulawuzi yoyera ndi chitenje chija. Terrence anamujambula pansi pa mtengo, akumuuza mobwerezabwereza kuti aseke. Iye anaseka milomo ili yotseka.

Lolemba lija, atawoloka msewu, Dyness anamupeza Terrence ataima pansi pa chikwangwani, akuchijambula ndi foni.

"Ba Terrence, uja wa kumanja nindani?"

"Ni imwe, ba Dyness. Mu mzimu."

Anamufotokozera mosapsa mtima, ngati makanika wofotokoza chifukwa chake wachotsa chitsulo china m'galimoto. Zithunzi zake zatsopano sizinatuluke bwino. Nkhope inali yowonda, chipsera chinkaoneka, ndipo munthu wotseka pakamwa amaoneka ngati akubisa kanthu. Wa pa minibasi ali ndi kamphindi chabe, ndipo m'kamphindi kameneko ayenera kuona kusiyana.

"Ngati taika imwe ku mbali zonse zibili," anatero Terrence, "bantu bazafunsa kuti manje chasintha nichani."

Abusa anali mu ofesi yawo, kontena yopaka penti yoyera kuseri kwa tenti. Anamumvetsera mpaka anamaliza, manja atawapinda pamimba. Kenako anamuuza kuti nkhope ya Trinity ndi imene iye ali nayo kumwamba, ndi kuti manyazi ake akale Mulungu wawasandutsa ukonde wogwirira anthu. Anamufunsa ngati akukumbukira manja amene anamugwira akunjenjemera. Dyness anati akukumbukira. Atagwada pansi anawauza za pangano la mu Ogasiti, za msewu umenewu umene achibale a malemu amadutsa popita ku Chongwe, za mwana. Apa abusa anatchera khutu. Anafunsa dzina la mwanayo ndi zaka zake, ndi nthawi imene wakhala osagona m'nyumba imodzi ndi amake. Anayang'ana Terrence, amene anali ataima pakhomo. Kenako anamuika Dyness dzanja pamutu, napemphera, namuuza kuti apite mumtendere.

Chikwangwani sichinachoke.

Novembala anatentha monga mwa chizolowezi chake. Pasanathe sabata, makondakitala anali atasintha dzina la pamalopo. Minibasi ikamayandikira ankamenya denga n'kufunsa ngati alipo otsikira pa Ba Kale. Okwera ankasuzumira pa zenera, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana mkazi wa pa thebulo la tomato, n'kugwedezana zigongono. Nkhope ya kumanja sankaifunafuna. Ya kumanzere ndi imene inali pamsewu tsiku lililonse, ikuwaza madzi pa repu. Amuna obwera kuchokera kumalole a mchenga ankamufunsa ngati angamugulireko kamodzi kakang'ono. Ana a sukulu ankadutsa akudzandira dala. Dyness anatsitsa duku mpaka pansidze. Anayesa kusamukira kuseri kwa golosale, koma kumeneko kunalibe ogula, ndipo anabwerera.

Pakati pa mweziwo a Evaristo anadutsa popita kukatenga feteleza. Madzulo ake anaimba foni. Sanamulonjere. Anafunsa ngati chikwangwanicho anachiika iye akudziwa. Dyness anati inde, nayamba kufotokoza za zithunzi, koma iwo anamudula.

"Amai nawauza. Sanakambe kanthu. Muwadziwa mmene alili akakhala chete."

M'mawa mwake Dyness anapitanso ku kontena. Ulendo uno abusa anamulandira akumwetulira, nati Mulungu wawaonetsa njira yothandiza onse awiri. Loweruka pa 30 Novembala kunali msonkhano waukulu wa chitsitsimutso. Terrence anali atakonza sewero lotengera mapulogalamu a pa wailesi yakanema, aja amene mkazi wonyozeka amalowa kuseri kwa katani n'kutuluka atasanduka wina. Dyness adzalowa ngati wa pa chithunzi cha kumanzere, akudzandira, n'kugwa pamaso pa abusa. Amayi a mpingo adzamunyamula kupita naye kuseri. Nyimbo idzalira, Trinity adzatuluka. Sewero likatha, Dyness adzavala zake zoyera, adzapatsidwa maikolofoni, ndipo abusa adzanena ndi pakamwa pawo, pamaso pa khamu, kuti mkazi uyu sanalawe mowa kuchokera mu Malichi 2023. Lolemba lake chikwangwani chidzatsika. Apongoziwo adzaitanidwa ndi abusa eni ake pa foni, kuti adzamve ndi makutu awo.

Dyness anaganiza. A Cecilia sankalemekeza mipingo ya m'matenti, koma ankalemekeza mawu onenedwa poyera ndi munthu wamkulu. Anapempha chinthu chimodzi.

"Papa, mwana asabwereko. Asaone."

"Siya mu manja mwa Mulungu, mwana wanga," anatero abusa.

Loweruka limenelo mitambo inayamba kuunjikana masana. Tenti inadzaza mpaka anakweza nsalu za m'mbali. Basi inabweretsa ophunzira a ku Chalimbana, lole inabweretsa alimi a ku Kanakantapa, ndipo ambiri a iwo sankadziwa Dyness kapena Trinity kupatula pa chikwangwani. Kuseri kwa nsanja anatchinga kachipinda ndi makatani ofiira. Mmenemo Terrence anapatsa Dyness diresi long'ambika, wigi yakale ndi nsapato imodzi. Anali atayang'anitsitsa chithunzi, ndipo sanaphonye kanthu. Pachibwano anamupaka sosi ya tomato. M'botolo loti anyamule munali tiyi wozizira. Koma Terrence anatulutsanso botolo lina m'thumba, analitsegula ndi mano, namuthira pachifuwa ndi m'wigi.

"Ba kutsogolo bali na mphuno," anatero.

Fungolo linamulowa Dyness mpaka kukhosi. Malovu anadzaza m'kamwa okha, thupi likukumbukira zimene mwini wake anazikana. Anameza. Anayang'ana kumbali, naona Trinity akudzipaka milomo pa kagalasi. Siketi ya Trinity inali yaifupi, yosayenera munthu wongotembenuka kumene, ndipo Terrence anali atatsegula kale chikwama cha Dyness. Chitenje chabuluu cha nkhunda zoyera chinali m'chiuno mwa Trinity.

"Sole, ba Dyness, nizabweza," anatero Trinity, maso ali pa galasi.

Ng'oma za m'masipika zinagunda. Wina anamukankha Dyness kumsana.

Anachita bwino. Sanafunike kuphunzitsidwa, miyendo inkadziwa. Anadzandira kudutsa pa nsanja, botolo m'mwamba, akuimba zosamveka, ndipo tenti yonse inagwa ndi phwete. Anthu anatulutsa mafoni. Wina anakuwa dzina lija la makondakitala, ena naliyankha. Dyness anali atatsimikiza kuti sayang'ana m'khamu, ndipo anasunga zimenezo mpaka pamene abusa anamuloza chala, iye n'kudzigwetsa. Tsaya lili pa thabwa, maso ake anagwera pa mzere wachitatu. A Cecilia anali atakhala mowongoka, chikwama pamiyendo. A Evaristo anali atayang'ana pansi. Pakati pawo panali mtsikana wa diresi lachikasu, tsitsi lolukidwa kumene, wamtali kuposa mmene analili mu Ogasiti. Sankaseka.

Amayi awiri anamunyamula Dyness, wina m'khwapa, wina miyendo. Anali omwe aja amene anamusambitsa mu 2023. Atafika naye kuseri sanamusiye. Terrence anali atawauza kuti amugwire kufikira iye atanena.

Makina otulutsa utsi, obwereka kwa woimba nyimbo m'maukwati, anafoka. Katani anatseguka, Trinity anatuluka manja ali m'mwamba, mano onse panja. Phokoso limene linatsatira linagwedeza mapaipi a tenti. A mumpingo ankadziwa kuti ndi sewero ndipo ankaomba m'manja ngati oonera sewero. Alendo ena ankalira misozi yeniyeni. Abusa sanauze aliyense chimene ayenera kukhulupirira. Anangoyenda uku ndi uku, akufunsa ngati pali chomulaka Mulungu.

Pakati pa makatani awiri panali mpata wokwana diso limodzi. Dyness anaona abusa akukweza dzanja, nyimbo n'kutsika. Anawamva akunena motsitsa mawu kuti mkazi ameneyu anali ndi mwana, kuti mowa unamulanda mwanayo, ndi kuti mwanayo ali m'tenti muno lero. Anatchula dzina. Khamu linatembenuka kufunafuna. A Cecilia anagwira mkono wa Angela ndi manja onse awiri, koma Terrence anali atafika kale, anthu a m'mbali akuomba m'manja, akuwauza agogo kuti asatseke madalitso a mwana. A Evaristo anaimirira, nakhalanso pansi. Terrence anamunyamula mwanayo m'chiuno namuimika pa nsanja.

Dyness anakuwa. Masipika anali pafupi ndi mutu wake, ndipo ngakhale iye sanadzimve. Mmodzi wa amayi aja anamuuza m'khutu kuti alimbe mtima, zitha posachedwa.

Angela anaima manja ali m'mbali. Anayang'ana chitenje, chimene anachidziwa chifukwa anachiona chikutuluka m'sutikesi ya agogo ake. Anayang'ana nkhope. Abusa anawerama, namuika maikolofoni pakamwa, namufunsa chimene akufuna kuuza amake.

"Aba si amai anga," anatero Angela.

Abusa anawongoka pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa anthu, nkhope yodzaza ndi kudabwa.

"Mwamvera? Na mwana wake sanamuzibe. Ndiye kusintha kwa Yesu uko!"

Tenti inaphulika. Trinity anagwada, namukumbatira mwanayo, tsaya pa tsaya. Angela anauma ngati mtengo, maso ali pa katani wofiira kumene anaona amake akulowetsedwa. Terrence anagwada ndi bondo limodzi patsogolo pawo, najambula kambirimbiri.

Abusa anaitana ofuna kutembenuka mtima, ndipo anthu anakhamukira kutsogolo mpaka mipando inagwa. Dyness anadikira maikolofoni. Pemphero linatha, linayamba lina. Terrence atasuzumira kuseri kudzatenga batire, Dyness anamugwira malaya, namukumbutsa za umboni wake. Terrence anachotsa dzanjalo mofatsa. Anati aone yekha anthu amene agwada kunjako. Akatuluka tsopano, nkhope ziwiri zidzaonekera pamodzi, ndipo onsewo adzabwerera kwawo ndi machimo awo. Anamufunsa ngati akufuna kusenza zimenezo. Papa adzanena za iye Lamlungu lina.

Pa mpata uja, mipando itatu ya mzere wachitatu inali yopanda anthu.

Amayi aja anali atatseka maso akupemphera. Dyness anagwa chafufumimba, anakwawira pansi pa nsalu ya tenti, nathamanga ndi nsapato imodzi kudutsa m'mapuloti.

Anawapeza pamsewu, akudikira minibasi pansi pa chikwangwani, chifukwa maminibasi amaima pomwepo. Mphepo ya mvula inali itayamba kuulutsa mapepala. Atatsala pang'ono kufika anakumbukira wigi, naivula, koma mowa unali utalowa kale m'tsitsi ndi m'diresi. A Evaristo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, nagwira mphuno. Angela anazembera kuseri kwa agogo ake.

Dyness anagwada pa miyala. Anafotokoza zonse mosatsata ndondomeko: tiyi wa m'botolo, sosi ya pachibwano, lonjezo la abusa, bulawuzi yoyera imene inali m'chikwama. Anati afunse aliyense wa pa Silverest, afunse mlimi wa ku Kanakantapa. Anati matiresi alipo, abwere adzaone, si patali. A Evaristo anati mphuno zawo si za sewero. A Cecilia anawaletsa ndi dzanja.

"Za mowa nikhulupirira. Simunamwe. Woledzera sathamanga tero."

Dyness anayamba kuthokoza. A Cecilia anadikira kuti amalize.

"Abusa anu ananiuza pa foni kuti nibwere na mwana, azaone amake alemekezedwa. Namuluka tsitsi. Namubweretsa." Analoza m'mwamba osayang'anako. "Anthu amene mupemphera nao anasowa nkhope yanu yoti aonetse. Anabwereka ya wina. Chitenje changa anaveka wina. Mwana anapatsa wina. Ndipo imwe munavomera chimodzichimodzi, muli bwinobwino, mulibe na dontho m'mutu. Kale ninali kunena kuti ni mowa. Lero ninene kuti nichiyani?"

"Amai, ninachitira Angela."

"Nidziwa."

Dyness anatambasula dzanja kwa mwanayo, namuitana dzina lake la kunyumba. Angela anasuzumira. Anayang'ana mkazi wogwada, anayang'ana chithunzi chachikulu cha kumanzere pamwamba pake. Diresi linali lomwelo, magazi pachibwano omwewo, nsapato imodzi. Anabisanso nkhope m'chitenje cha agogo.

Minibasi inaima. Kondakitala anatsegula chitseko, naona amene wagwada, naseka.

"Ba Kale, lelo mwayamba msanga."

A Evaristo anakweza mwana. A Cecilia anaika phazi pa chitsulo, natembenuka.

"Disembala musabwere. Pitani mukasambe, Dyness."

Mvula yoyamba yeniyeni ya chaka chimenecho inagwa madzulo omwewo. Denga la chipinda cha Angela linadontha pakona, ndipo Dyness anakokera matiresi pakati.

Abusa anasunga lonjezo lawo limodzi. Lolemba pa 2 Disembala chikwangwani chinatsika. Terrence anachidula pa mzere wa pakati. Theka la kumanja analipinda kuti akapatse Trinity. La kumanzere anawoloka nalo msewu, naliika pa thebulo la tomato, nati ndi pulasitiki yabwino, ingathandize nthawi ya mvula ino. Chitenje anati chikadali kochapa.

Masana anakweza chatsopano pa mapaipi omwewo. Chinali chithunzi chimodzi chokha: Trinity atagwada, maso otseka, tsaya lake pa tsaya la mtsikana wa diresi lachikasu. Terrence anali atakonza pakamwa pa mwanayo pang'ono kuti paoneke ngati pakumwetulira. Pamwamba analemba monga amalembera otsatsa masewero a pa wailesi yakanema: ANABWEZEREDWA MWANA WAKE. GAWO LACHIWIRI, LAMLUNGU LINO.

Mayi wa pa golosale anauza Dyness kuti kuseri kuli malo, asamutse thebulo, asamadzizunze. Dyness anakweza maso kuyang'ana chikwangwanicho. Foni yake inali yakale, yopanda kamera, ndipo chithunzi cha Angela chimene anali nacho m'nyumba chinali cha mwana wa zaka zinayi. Pa chikwangwanipo zinkaoneka zonse: mizere ya tsitsi lolukidwa, kachipsera ka pamphumi kamene iye sankadziwa kuti kanabwera liti, makutu a Stephen.

Ananyamula thebulo, nalitembenuza kuti liyang'ane kumsewu bwinobwino. Anakhala pansi, nayamba kuunjika tomato.